Amayi a ku Mchinji anaphunzitsa Geneva, nanga kusikelo kwathu zinafikako?

Achemwali, Chichewa chathu chili ndi kanthu kena koseketsa. Mawu oti "mimba" timatchulira zinthu ziwiri. Ukadya mango aawisi, m'mimba mumapota. Ukaima, uli ndi mimba. Koma ukangofika kusikelo, zimakhala ngati mimba yoyamba ija yapita kutchuthi, yatsala ya mwana basi. Amayeza kuti mwana wagona bwanji, mtima wake ukugunda bwanji, ndipo zimenezo ndi zofunika, sitikukana. Koma iwe ukati "ndatha masiku anayi osachita chimbudzi", kapena "chilungulira chikundisowetsa tulo", yankho lake tonse timalidziwa: "Ndi mimba imeneyo mayi, mumafuna muzimva bwanji?"

Msuweni wanga anayankhidwa choncho ali ndi zaka 19, mimba yoyamba, kumudzi kwathu kuno ku Mchinji. Kusikelo anamupatsa timapiritsi tija toonjezera magazi. Anamwa sabata imodzi. Anadzimbidwa, nseru inakula, kenako anaona chimbudzi chakuda bii. Iye n'kuganiza kuti mankhwalawo akumuwotcha m'kati. Atabwererako kukafunsa, mzere unali wautali, nesi anali yekha, ndipo yankho linali lomwe lija. Anabwera kunyumba, n'kukulunga mapiritsi m'kapepala ka shuga, n'kutsomeka kudenga. Palibe anamuuza kuti chimbudzi chakuda ndi chizolowezi cha mapiritsi a ayironi, sichoopsa. Palibe anamuuza kuti akamwa usiku atadya nsima nseru imachepako. Mimba ili ndi miyezi isanu ndi itatu anagwa pachitsime. Tinathamanga usiku kusaka wachibale woti apereke magazi. Anapulumuka, iye ndi mwana yemwe, koma zinatsala pang'ono.

Nesi uja sindikumuimba mlandu yekha. Munthu mmodzi pa amayi odzadza khonde, angafotokozere aliyense? Chomwe chimandiwawa n'chakuti zimene msuweni wanga sanauzidwe, anthu ophunzira anazidziwa kalekale. Ndipo chowawa kuposa apo, zina mwa nzeru zomwe dziko lonse likugwiritsa ntchito pa uchembere wabwino zinachokera m'boma lomwelino, pansi pa mitengo ya mango, kwa amayi omwe ambiri a iwo sanafike Sitandade 8.

Ambiri a inu a ku Area 25, ku Ndirande ndi ku Chibavi mumaidziwa Mchinji ngati njira yopita ku Chipata, kapena kwawo kwa mtedza ndi mbatatesi. Mwina simunamvepo za MaiMwana. Iyi inali ntchito ya kafukufuku yomwe anachitira limodzi a chipatala cha Kamuzu Central, chipatala cha boma cha Mchinji ndi sukulu ya ukachenjede ya University College London. Munali madokotala a ana a kuno kwathu, Dr Charles Mwansambo, amene pambuyo pake anadzakhala mlembi wamkulu mu unduna wa zaumoyo, ndi malemu Dr Peter Kazembe. Munalinso Sonia Lewycka, yemwe ntchito yake ndi ya epidemiologist. Ameneyu si dokotala wogwira wodwala mmodzimmodzi ayi. Ndi munthu wowerenga: akudwala ndi angati, akufa ndi angati, kuti, liti, ndipo tikasintha chakuti nambala zitsika kapena ayi. Ntchito yooneka yozizira, koma ndi imene imauza boma kopita ndalama.

Anachita chonchi. Anagawa mbali ya boma la Mchinji m'zigawo 48, momwe munali anthu oposa 185,000. Mwa mayere, zigawo zina zinakhala ndi magulu a amayi, zina zinakhala ndi amayi odzipereka oyendera anzawo oyembekezera ndi oyamwitsa pakhomo, zina zinalandira zonse ziwiri, zina sizinalandire chilichonse mwa ziwirizi kuti pakhale poyerekezera. Kuyambira 2005 mpaka 2009 anatsata ana obadwa oposa 26,000. Tangoganizani: khomo ndi khomo, mwezi ndi mwezi, kufunsa mayi ngati waima, ngati wachira, ngati khanda lili moyo. Amayi athu anatsegula zitseko, nayankha mafunso amene ngakhale apongozi sangayerekeze kufunsa.

Magulu aja sanapatsidwe mankhwala kapena ndalama zogawana. Amakumana, wowatsogolera ali mayi wa m'dera lomwelo, n'kuyamba ndi funso losavuta: chikutipha ndi chiyani? Akatchula mavuto, amasankha akuluakulu, n'kukambirana chochita, n'kuchita, kenako n'kukhalanso pansi kuona ngati zathandiza. Mu 2006 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza zomwe magulu 172 ananena. Vuto limene linatchulidwa ndi magulu ambiri kuposa onse linali kuchepa kwa magazi, magulu 87 mwa 100 alionse. Kenako malungo, nsengwa kutsalira, mwana kukanika kutuluka, mwana kugona mopingasa, kutaya magazi, ndi BP ya mimba. Pamene pali pachilendo mpakuti Edzi ndi matenda olowa m'chiberekero mayi akachira sizinatchulidwe kwambiri, chonsecho zimapha. Ndiye tisanamizane kuti gulu limadziwa zonse. Pali zina zimene manyazi ndi mantha zimatseka pakamwa ngakhale muli akazi okhaokha.

Koma taonani zomwe anachita nawo mavuto amene anawatchula. Pa kuchepa kwa magazi, analima madimba a ndiwo zamasamba. Pa malungo, anayesetsa kuti maneti afike. Pa kutalika kwa chipatala, anapeza njinga za ambulansi. Palibe anawalembera zimenezi kuchokera ku London.

Zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet mu 2013, ndipo apa ndikufuna tiyende pang'onopang'ono, chifukwa nambala imene imatchuka pamisonkhano ndi imodzi yokha. M'madera momwe munali magulu a amayi okha, imfa za amayi pa uchembere zinatsika ndi 74 pa 100 alionse, ndipo imfa za makanda osakwana mwezi zinatsika ndi 41 pa 100. M'madera momwe munali amayi oyendera pakhomo okha, imfa za ana osakwana chaka zinatsika ndi 36 pa 100. Koma m'madera momwe munali zonse ziwiri pamodzi, phindu limenelo silinaoneke bwino. Eya, mwawerenga bwino. Komanso 74 uja wachokera pa imfa zowerengeka, kotero kuti nambala yeniyeni ikhoza kukhala pansi kapena pamwamba pake. Ofufuzawo sanabise zimenezi, zili m'lipoti momwemo. Ife omenyera ufulu wa amayi tili ndi matenda okonda nambala yokoma n'kutaya yowawa. Tikamatero, tsiku lina wina wodziwa kuwerenga adzatigwetsa pagulu, ndipo adzagwetsa ndi nkhani yabwino yomwe.

Chomwe chinalimbitsa nkhani ya Mchinji n'chakuti sinali yokha. Chaka chomwecho cha 2013, ofufuza anasonkhanitsa kafukufuku wotere musanu ndi muwiri wa ku Nepal, India, Bangladesh ndi Malawi, kuphatikizapo wa MaiKhanda amene anachitika ku Lilongwe, Kasungu ndi Salima. Anapeza kuti kumene amayi oyembekezera osachepera atatu mwa khumi alionse amafika kumagulu, imfa za makanda zimatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo za amayi pafupifupi ndi theka. Mu 2014 bungwe la WHO linalemba kuti maiko azigwiritsa ntchito magulu otere, makamaka kumidzi komwe chipatala chili kutali. Ndiye kuti zokambirana za pamphasa kwa Mkanda ndi kwa Mlonyeni zinakalowa m'malangizo a ku Geneva.

Kwa ophunzira, apa mpamene amati kafukufuku wabala zipatso. Amawerenga kuti lipoti latchulidwa kangati m'malipoti ena, yatuluka PhD ingati, lamulo liti lasintha. Sindikunyoza, inenso ndinavala gauni ndipo ndimadziwa thukuta lake. Koma ine muyeso wanga ndi wina. Ndimafunsa kuti: mayi amene anayankha mafunso mu 2006, mwana wake wamkazi lero ali ndi zaka za msuweni wanga. Kodi mwanayo akapita kusikelo akupezako chiyani chomwe mayi ake sanapeze?

Zina zasintha, tisakane. Kafukufuku wa boma wa DHS wa 2004 anapeza kuti amayi 984 amafa pa ana 100,000 obadwa amoyo. Mu 2010 anali 675, mu 2015-16 anali 439. Kumeneko ndi kutsika kwenikweni, ndipo kuseri kwa nambalazo kuli amayi amene lero akuphikira zidzukulu. Koma kafukufuku yemweyo wa 2015-16 anapezanso kuti amayi oyembekezera 45 mwa 100 alionse anali ndi magazi ochepa, ndipo amene anamwa mapiritsi a ayironi kwa masiku 90 kapena kuposera apo anali ngati mmodzi mwa atatu. Vuto lija amayi a kuno analiika patsogolo mu 2006, patatha zaka khumi linali lidakali pomwepo. Ndipo apa mpamene tabwerera ku mimba ya nsima ija, chifukwa ayironi amalowa m'thupi kudzera m'matumbo, ndipo ndi m'matumbo momwemo mmene amavutitsa.

Tamvani mmene zimayendera, poti kusikelo nthawi yofotokoza palibe. Piritsi lija likafika m'matumbo, thupi limangotengako pang'ono. Wotsalayo ndi amene amadetsa chimbudzi, kudzimbitsa ndi kuchititsa nseru. Mimba payokha imafooketsa kale matumbo, ndiye mukaonjezera piritsi, zimakhala ngati minibasi yodzadza kale mwakwezamonso matumba a chimanga. Tiyi, uja timamukonda ndi buledi m'mawa, amatchinga ayironi kuti asalowe bwino. Zipatso monga malalanje, magwafa ndi malambe zimathandiza kuti alowe. Njoka za m'mimba, makamaka zija zimalowera kuphazi, zimayamwa magazi m'matumbo, n'chifukwa chake mimba ikapitirira miyezi itatu amapereka mankhwala a njoka. Ndipo pali china chomwe ine ndinachidziwa mochedwa: thupi likamalimbana ndi matenda monga malungo, chiwindi chimatulutsa kanthu kotchedwa hepcidin kamene kamatseka khomo la ayironi m'matumbo. Ukhoza kumamwa piritsi tsiku lililonse mokhulupirika, khomo lili chitsekere.

Nanga dothi lija? Musanamizire kuti ndi zakumudzi, timakuonani pamsika mukugula mobisa n'kuponya m'chikwama. Chilakolako cha dothi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi. Si ufiti, si uchitsiru. Koma dothilo likhoza kukhala ndi mazira a njoka komanso kutchinga ayironi yemweyo. Ukayamba kulilakalaka, pita ukayezetse magazi.

Pali Mmalawi amene wakhala akulimbana ndi nkhani imeneyi, Professor Kamija Phiri, epidemiologist wa ku Kamuzu University of Health Sciences. Iye ndi anzake, mogwirizana ndi ofufuza a ku Melbourne ku Australia, anafunsa kuti: bwanji tilambalale matumbo, ayironi timupereke kamodzi kokha kudzera mu dripi ya mphindi 15? Kafukufuku woyamba, wotchedwa REVAMP, anachitika ku Zomba ndi ku Blantyre pa amayi 862 a magazi ochepa omwe mimba zawo zinali pakatikati. Zotsatira zinatuluka mu 2023, ndipo sizinali zoimbira nthungululu. Dripi inali yosaopsa, inachotsa kuperewera kwa ayironi m'thupi kuposa mapiritsi, koma pofika masabata 36 chiwerengero cha amayi amene anali adakali ndi magazi ochepa sichinasiyane kwenikweni. Izi zikutikumbutsa kuti kuchepa kwa magazi kuno kwathu si nkhani ya ayironi yekha. Sanagwe ulesi. Anayesanso pa amayi 590 a mimba za kumapeto, m'zipatala zing'onozing'ono za ku Zomba. Ulendo uno kusiyana kunaoneka: mwa olandira dripi, pafupifupi 47 pa 100 anatsalabe ndi magazi ochepa, pomwe mwa omwa mapiritsi anali pafupifupi 63 pa 100. Lipotilo linatuluka mu 2025.

Msuweni wanga anali mayi wa mtundu umenewo ndendende: mimba ya kumapeto, magazi otsika, nthawi yoti mapiritsi agwire ntchito itatha. Mankhwala a dripiwa ndi odula, ndipo boma lili ndi zambiri zogula, tikudziwa. Koma funso loti adzafika liti ku zipatala za kumidzi, ndipo adzayambira amayi ati, ndi funso lathu lofunsa. Amene anatambasula mikono kuti ayesedwe ndi amayi a ku Zomba, si a ku Melbourne.

Ndiye pali kusanza. Amayi ambiri oyembekezera amamva nseru, ndipo WHO imavomereza jinja ndi vitamini B6 pochepetsa. Koma pali kusanza kwina komwe ngakhale madzi sakhala m'mimba, munthu n'kuonda, mkodzo n'kuda, chizungulire osatha. Dzina lake ndi hyperemesis gravidarum. Kate Middleton atagonekedwa nako m'chipatala ku London mu 2012, dziko lonse linamumvera chisoni. Wa kwa Chinsapo akadwala chimodzimodzi amati ndi matama, kapena akuti mimbayo sakuifuna. Marlena Fejzo, wasayansi wa ku America, anapita padera mu 1999 chifukwa cha matenda amenewa, dokotala wake atamuuza kuti akungofuna anthu amusamale. Mayiyu anakwiya mwa njira yabwino: anathera zaka zoposa makumi awiri akufufuza. Mu December 2023 iye ndi anzake a ku Cambridge anasonyeza kuti gwero lake ndi homoni yotchedwa GDF15, imene imachokera kwambiri ku mbali ya mwana ndi nsengwa, ndipo matupi a amayi ena amaimva kwambiri kuposa ena. Ndiye abwana akuofesi kapena apongozi akamati "ifenso tinaberekapo", muwauze mwaulemu kuti matupi ndi osiyana. Ukatha tsiku lathunthu osasunga madzi m'mimba, uku sikopirira, n'kwa kuchipatala.

Ndipo ichi chokha, ngakhale muiwale zina zonse, chisungeni. Mimba ikapitirira miyezi isanu, ululu wa pamwamba pa mimba, makamaka kumanja pansi pa nthiti, si nthawi zonse uli chilungulira. Ukabwera pamodzi ndi mutu waukulu, kuona zinthu mwa chimbuuzi, kapena kutupa nkhope ndi manja, ikhoza kukhala BP ya mimba yomwe yafika pachiwindi. Imeneyi imapha, ndipo imapha msanga. Osamwa soda n'kugona. Pitani akakuyezeni BP ndi mkodzo tsiku lomwelo, ndipo akakuuzani kuti "ndi mimba imeneyo", kanani kuchoka asanakumangeni chija cha pamkono. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati muli ndi ufulu wolandira chithandizo cha uchembere ndi kufotokozeredwa bwino, ndipo wachipatala akuyenera kukulemekezani. Si chifundo chake ayi.

Kuno kumalire tili ndi vuto linanso. Mayi wa kufupi ndi Mwami akhoza kuyamba sikelo mbali ino, n'kukachirira mbali ya Zambia, kapena kufera panjira pakati pa ziwirizi. Iyeyo amalembedwa m'buku la ndani? Wosawerengedwa salowa mu bajeti. A MaiMwana omwewo anayesapo njira yoti mayi akamwalira pa uchembere, mudzi ndi achipatala akhale pansi limodzi kufufuza chomwe chinalakwika, m'malo moti nkhani ithere pamaliro ndi mawu oti "chinali chifuniro cha Mulungu". Njira imeneyonso inayesedwa m'boma lomwelino.

Kafukufuku amakhala ndi tsiku loyamba ndi tsiku lotha, ndalama zake zimatha, galimoto zimapita. Palibe chachilendo pamenepo. Wofunika kutola nkhani pamene ofufuza asiyira ndi boma ndi khonsolo, ndipo ofunika kuwakumbutsa ndife. Kumudzi kwa azakhali anga kuli njinga ya ambulansi imene yakhala kuseri kwa nkhokwe chitherereni matayala. Anaibweretsa ndani, palibe akukumbuka bwino. Woti aikonze ndani, aliyense akuloza mnzake.

Ndiye tikufuna izi. Aliyense wochita kafukufuku pa matupi a amayi abwerere kumudzi komwe anafunsa mafunso, akanene zomwe anapeza, m'Chichewa, pabwalo, osati pa PDF ya Chingerezi yomwe ngakhale ine kuti ndiitsegule ndimayamba ndaona kaye bandulo. Makhansala ndi aphungu a Mchinji atiuze ngati mu ndondomeko ya zaumoyo ya boma lino muli ndalama ya magulu a amayi, ndipo ndi zingati. Lamulo lopereka ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, tiligwiritse ntchito, tilembe makalata. Kusikelo, mphindi zija timaimba nyimbo podikira, patsale ziwiri zoti wina anene poyera kuti chimbudzi chakuda sichoopsa, tiyi atalikirane ndi piritsi, ndipo wodzimbidwa amwe madzi ambiri, adye bonongwe, nkhwani, papaya ndi nsima ya mgaiwa, asataye mankhwala.

Inu a m'tauni musaone ngati izi ndi za kumudzi zokha. Muli ndi magulu a WhatsApp a bridal shower, a banki m'khonde, a kwaya. Gulu lomwe limatha kusonkha ndalama ya nsalu yofanana likhoza kufunsanso kuti mwa ife woyembekezera ndani, anayezetsa magazi liti, tsiku lake likafika usiku galimoto ichokera kuti. Kungoti pagulupo pasamagawidwe mankhwala kapena malangizo a pa TikTok. Amayi a MaiMwana sanalowe m'malo mwa nesi, anangoonetsetsa kuti mnzawo wafika kwa nesi nthawi idakalipo.

Ndipo mukayezedwa magazi, funsani nambala. Osangovomera "ali bwinobwino" kapena "achepa pang'ono". Kwa woyembekezera, Hb yochepera 11 ndiye kuti magazi achepa, yochepera 7 ndi ngozi. Auzeni alembe m'buku lanu la sikelo.

Msuweni wanga ali ndi mimba yachiwiri tsopano, miyezi isanu ndi umodzi. Piritsi amamwa usiku akadya, tiyi amamwa m'mawa. Akudandaulabe kudzimbidwa, ndipo papaya wa kuseri kwa nyumba watha ndi iyeyo. Sabata yatha ananditumizira chithunzi cha tsamba la buku lake la sikelo, nambala ya Hb ataizunguliza ndi bolopeni. Akuti nesi anadabwa kuti wafunsa, koma analemba.